Funsani za Chakudya: Dzina limodzi, chokoleti chosiyanasiyana

Makalata ambiri a mwezi uno agwera pa chokoleti. Sindikudabwa, ndi nyengo imene abale a ku Joni ndi ku Mangalande amafika ndi zikwama zofufuma, ndipo ana amayamba kuyerekeza cha amalume ndi cha pagolosale. Makalata ena ndawadulako kuti akwane patsamba, eni ake mundikhululukire.

Zikomo Mayi. Achimwene anga amakhala ku Leeds, ku Mangalande, ndipo adatitumizira chokoleti cha Cadbury Dairy Milk. Tsiku lomwelo ana adali ndi china chomwe tidagula m'sitolo ina muno mu Lilongwe, chochokera ku Joni. Dzina ndi lomwelo, pepala ndi lomwelo, koma mkamwa ndi zinthu ziwiri. Msuweni wanga wa ku Indiana akuti cha ku Amereka ndiye chosiyaniranatu. Kodi adatigulitsa chachinyengo? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Sadakubereni, mayi. Zonsezo n'zenizeni, kungoti zidatuluka m'mafakitale osiyana, pansi pa malamulo osiyana. Cha ku Joni chimapangidwa ku Gqeberha, kuja tinkati Port Elizabeth. Cha ku Amereka sichipangidwa n'komwe ndi a Cadbury. Amapanga ndi a Hershey, omwe adagula chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo m'dzikomo mu 1988. Mkaka wake ndi wina, kuchuluka kwa shuga n'kwina, ndipo fakitale iliyonse imatsata lilime la anthu a kwawoko.

Koma gwero lake n'lakuti maiko sadamange chimodzi pa funso loti chokoleti n'chiyani. Ngati ana sadataye pepala la cha ku Leeds chija, litembenuzeni. Mupeza mzere wonena kuti koko ndi wosachepera 20 peresenti, wina wonena kuti mkaka ndi wosachepera 20 peresenti, ndi wina wolembedwa mochindikala kuti "contains vegetable fats in addition to cocoa butter", kutanthauza kuti muli mafuta a zomera zina kuphatikiza pa mafuta a koko. Mizere itatu imeneyi idatengera maboma a ku Ulaya zaka 27 akukokanakokana.

Tiyambe ndi mafutawo. Nyemba ya koko ikakazingidwa n'kuperedwa, pafupifupi theka lake ndi mafuta. Mafuta amenewa amasungunuka kutentha kukafika madigiri ngati 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake chokoleti chabwino chimathyoka kuti thyo m'manja koma chikafika palilime chimangoyenderera. Ndi amenenso amadya ndalama zambiri popanga chokoleti. Ku France, Belgium ndi Italy anthu adazolowera kuti chokoleti ndi koko, mafuta a koko, shuga, mwinanso mkaka, basi. A ku Britain adazolowera china: mkaka wambiri, koko wochepa, ndi timafuta ta zomera zina.

Mu 1973 Britain, Ireland ndi Denmark adalowa mumgwirizano wa zamalonda wa maiko a ku Ulaya, ndipo chaka chomwecho mgwirizanowo udalemba lamulo lake loyamba la chokoleti. Pofuna kupewa ndewu, adalola maiko atatuwo kupitiriza kapangidwe kawo, koma maiko enawo adakanitsitsa kwamtuwagalu kuti katundu wotereyo agulitsidwe kwawo ndi dzina loti chokoleti. Ena adafika pomuseka pomupatsa dzina loti "vegelate", kuphatikiza mawu a vegetable ndi chocolate. Portugal, Austria, Finland ndi Sweden atalowa, mbali yolola mafuta ena idakwana maiko 7, yokana 8. Msika umene unkadzitama kuti ndi umodzi udali wogawikana pakati chifukwa cha switi.

Adadzamanga mfundo pa 23 June 2000, m'lamulo lotchedwa Directive 2000/36/EC, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu August 2003. Mafuta a zomera zina adaloledwa m'maiko onse, koma asapitirire magawo 5 pa 100 alionse, asachepetse muyezo wa koko womwe lamulo lidaika, ndipo wogula auzidwe poyera pafupi ndi mndandanda wa zosakaniza. Chokoleti chakuda chikhale ndi koko wosachepera 35 peresenti. Chamkaka chikhale ndi koko 25 peresenti ndi mkaka 14 peresenti. Nanga cha a Britain chija cha 20 ndi 20? Kwawo ndi ku Ireland adaloledwa kumachitchulabe "milk chocolate", koma chikawoloka nyanja chivale dzina loti "family milk chocolate". Britain idatuluka mumgwirizanowo mu 2020, koma miyezo imeneyi idatsala m'malamulo ake.

Sizidathere pomwepo. Spain ndi Italy ankakakamiza kuti chokoleti cha mafuta enawo chizilembedwa kuti ndi cholowa m'malo mwa chokoleti, mpaka khoti la mgwirizanowo lidawagamula kuti ndi olakwa mu January 2003. A Italy adayesa njira ina, yolola opanga awo kulemba "cioccolato puro" pa chokoleti cha mafuta a koko okhaokha. Mu 2010 khoti lidakananso, likuti kutchula china kuti n'chosasakaniza n'kuuza wogula kuti chinacho n'chodetsedwa. Pamenepa ine ndili mbali ya a Italy, koma oweruza sadandifunse.

Tsono ku Amereka ndiye mudabwa. Lamulo la FDA, bungwe loyang'anira chakudya ndi mankhwala m'dzikomo, limangofuna magawo 10 pa 100 a phala la koko woperedwa ndi magawo 12 a mkaka kuti chinthu chitchedwe chokoleti chamkaka. Kawerengedwe kawo n'kosiyana ndi ka ku Ulaya, chifukwa sawerengera mafuta a koko othira mwapadera, komabe muyezo wawo ndi wotsika. Kwinaku dziko lomwelo silola mafuta a zomera zina kulowa m'malo mwa mafuta a koko ngakhale dontho. Mu 2007 makampani adapempha kuti lamulo lifewetsedwe, anthu adachita mkokomo, ndipo silidasinthe. Ndiye kuti cha achimwene anu cha ku Leeds chija chikafika ku Indiana sichingatchedwe chokoleti chamkaka chifukwa cha mafuta ake, ndipo china cha ku Amereka chongokwanira muyezo wakwawo chikhoza kukanidwa dzinalo ku Paris chifukwa cha kuchepa kwa koko. Aliyense amaona mnzake ngati wonyenga.

Ndimaphika makeke a ukwati ndi a tsiku lobadwa. Pali chokoleti china cha mabuloko akuluakulu chomwe n'chotchipa, sichivuta kusungunula ndipo sichiyenderera keke ikakhala mutenti. Koma kasitomala wina adandinyoza kuti chimamata kunkhama ngati kandulo. Papepala palembedwa "chocolate flavoured". Kodi ndi chija cha 5 peresenti mudanenapo pawailesi? — Wophika makeke, Chibavi, Mzuzu

Ayi achemwali, chimenecho n'china. Amalonda amachitchula kuti compound. Mulibe mafuta a koko, kapena alimo ongonunkhiritsa. Ndi ufa wa koko, shuga ndi mafuta a njere za kanjedza kapena a kokonati, nthawi zina olimbitsidwa kufakitale kuti asasungunuke msanga. Ena mwa mafuta amenewa amafuna kutentha koposa kwa mkamwa, ndiye amatsalira kunkhama monga adanenera kasitomala wanu. Sadaname, ngakhale akadanena mwaulemu.

Mafuta ololedwa pa 5 peresenti paja ndi osankhidwa, ndipo lamulo la ku Ulaya lidawatchula maina, alipo 6: illipe wa ku Borneo, sal ndi kokum a ku India, shea wa kumadzulo kwa Africa, mafuta a chipatso cha kanjedza, aja a ku Karonga amati mawese, ndi mafuta a njere ya mango. Inde, njere ija timataya kudzala m'mwezi wa December. Adasankha amenewa chifukwa mamangidwe ake amafanana ndi mafuta a koko, amasakanikirana nawo bwinobwino ndipo amauma mofanana. Mafuta a kokonati adangololedwa pa chokoleti chokutira ayisikirimu. Kunena zoona, chokoleti cha 5 peresenti chopangidwa mwaluso anthu ambiri sangachisiyanitse ndi chinzake atatseka maso. Compound ndiye ngakhale mwana amaizindikira.

Sindikuti muitaye. Keke yokakhala padzuwa la October kuyambira m'mawa mpaka perekaniperekani atatha, compound ndi imene ingakupulumutseni. Chofunika n'kumuuza kasitomala chomwe akulipira, ndi kuika mitengo iwiri. Amene akufuna chenicheni mugulireni cholembedwa "couverture", chomwe mwalamulo chimakhala ndi mafuta a koko osachepera 31 peresenti. Chimenechi chimafuna kuchinyengerera. Ngati n'chakuda, chisungunuleni pa nthunzi mpaka madigiri 45 kapena 50, chizizire mukutakasa mpaka 27 kapena 28, kenako muchitenthetsenso pang'ono kufika 31 kapena 32. Mukadumpha apa chimauma chotuwa, chamizeremizere. Dontho limodzi la madzi likagweramo chimagwirana n'kukhala chibuma. Ngati mulibe choyezera kutentha, chisakanizeni ndi kirimu wotentha mupange ganache, ameneyo safuna zonsezi. Chomwe musayese n'kuphatikiza compound ndi couverture mumphika umodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Mafuta awiriwa sagwirizana, zimatuluka zofewa ndipo zimachita mawanga pakangopita masiku.

Mawu akuti "flavoured" muziyembekezera kuwaona kwambiri. Koko ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, maiko awiri omwe amalima pafupifupi 60 peresenti ya koko wa dziko lonse, sadachite bwino chifukwa cha matenda a mitengo ndi nyengo. Mtengo pamsika wa New York udadutsa madola 10,000 pa tani mu March 2024, ndipo pofika December udapitirira 12,000, pomwe kwa zaka zambiri unkazungulira pa 2,000 mpaka 3,000. Makampani adayamba kuchepetsa koko. Mu 2025 mabisiketi a Penguin ndi Club ku Britain adasiya kulembedwa kuti ndi okutidwa ndi chokoleti, adayamba kulembedwa kuti ndi a kakomedwe ka chokoleti. Apa ndi pomwe muyezo umaonetsa ntchito yake. Suletsa kampani kutchipitsa katundu, koma ikatsika pansi pa mzere dzina limachoka, ndipo wogula wakhama amaona.

Chokoleti m'golosale mwanga chikumayera pamwamba ngati chachita nkhungu, chonsecho deti lake lisanakwane. Nditaye? — Bambo wa golosale, Nchalo

Musataye, bambo, si nkhungu. Kutentha kwa kwanuko kumasungunula mafuta, amakwera pamwamba, usiku n'kuumanso oyera. Mukapaka chala amafufutika ngati mafuta. Ngati pali pokhakhala ngati mchenga, ameneyo ndi shuga: chidachita thukuta pochoka mufiriji, madzi adasungunula shuga n'kuuma. Kuzimazima kwa magetsi kumabweretsa zonse ziwiri. N'chodyeka, kungoti kukoma kumachepa, ndiye chitsitseni mtengo kapena mugulitse kwa ophika makeke. Deti la "best before" limanena za ubwino wa katundu, silofanana ndi "use by" la pa nyama ndi mkaka, komabe likadutsa musachisiye pashelefu. Chokhala ndi mtedza kapena zofewa mkati chikayamba fungo la mafuta owola kapena timabowo ta tizilombo, chimenecho ndiye cha kudzala.

Ndine wophunzira za sayansi ya chakudya. M'kalasi tidamva za Codex. Ngati pali bungwe la dziko lonse lolemba miyezo, bwanji dziko lililonse likadali ndi lamulo lake la chokoleti? Nanga ife a ku Africa, amene timalima koko, mawu athu ali pati? — Mnyamata wa ku Bunda

Funso lako landikondweretsa, mwanangu. Codex Alimentarius idakhazikitsidwa mu 1963 ndi mabungwe a FAO ndi WHO, ndipo lero muli maiko 188 komanso mgwirizano wa ku Ulaya. Malawi ndi membala, ndipo nkhani zake zimadzera ku Malawi Bureau of Standards. Muyezo wa chokoleti ndi nambala 87 wa chaka cha 1981, ndipo komiti yomwe idaulemba inkatsogoleredwa ndi Switzerland. Mu 2003 adaukonzanso n'kulowetsamo 5 peresenti ija. Ukaika muyezo wa Codex pambali pa lamulo la ku Ulaya uona kuti manambala ake akuluakulu ndi omwewo: 35 pa chakuda, 25 pa chamkaka, 20 ndi 20 pa cha "family", mafuta a koko 20 peresenti pa choyera.

Koma Codex si boma, ilibe apolisi. Miyezo yake dziko limatenga likafuna. Mphamvu yake idakula mu 1995 pomwe WTO, bungwe la zamalonda a pakati pa maiko, lidayamba, chifukwa pa nkhani za chitetezo cha chakudya mapangano a WTO amatchula Codex ngati poyezera. Dziko lofuna kukhwimitsa kuposa pamenepo liyenera kuonetsa umboni wa sayansi. Nkhani ya dzina ndi kaphikidwe ndiye imavuta, chifukwa si ya poizoni. Palibe wasayansi angakuuze kuti koko wa 20 peresenti amadwalitsa pomwe wa 25 sadwalitsa. Ndi nkhani ya chizolowezi, mafakitale omwe adamangidwa kale, alimi a ng'ombe zamkaka a dziko limenelo, ndi ulemu wa mtundu. N'chifukwa chake amati akakhala pansi satuluka ndi kaphikidwe kamodzi. Amatuluka ndi maina angapo ndi mizere yokakamiza papepala.

Pa za Africa, usaganize kuti tidali mbali imodzi. M'zaka za m'ma 1990 maiko olima koko, Côte d'Ivoire patsogolo, adadandaula kwambiri kuti magawo 5 alionse opita ku mafuta ena ndi nyemba zomwe mlimi wawo sagulitsa. Koma oyandikana nawo a ku Burkina Faso ndi Mali, komwe amayi amatola mtedza wa shea kutchire, adaona msika ukutseguka. Ghana ili ndi zonse ziwiri, koko kummwera, shea kumpoto. Mndandanda wa mafuta 6 uja, onse a m'maiko otentha, ndi kuletsa mafuta osinthidwa ndi ma enzyme, zidathandiza kuti phindu lina litsalire maiko osauka m'malo mopita kwa alimi a mpendadzuwa a ku Ulaya komweko. Komabe voti idali ya odya chokoleti. Olima adangopempha ali panja.

Chitsanzo chaposachedwa ndi cadmium, chitsulo chomwe mtengo wa koko umayamwa m'nthaka, ndipo munthu akamachidya kwa zaka chimaunjikana mu impso. Chimakhala mu ufa wa koko, osati m'mafuta, kotero chokoleti chakuda kwambiri ndi chomwe chimakhala nacho chochuluka. Nthaka za m'madera ena a Peru, Ecuador ndi Colombia zili nacho chambiri mwachilengedwe, pomwe koko wa kumadzulo kwa Africa kawirikawiri amakhala nacho chochepa. Kuyambira pa 1 January 2019 maiko a ku Ulaya adaika malire awo: mamiligiramu 0.10 pa kilogalamu pa chokoleti chamkaka cha koko wosafika 30 peresenti, ndi 0.80 pa cha koko woyambira 50 peresenti. Ku Codex maiko a ku South America adalimbikira zaka zingapo, ndipo pa gulu loyambalo muyezo udakhala 0.3, katatu kuposa wa ku Ulaya. Papepala adapambana. Koma wogula wamkulu wa koko ndi Ulaya, ndiye mlimi wa ku Peru amayezedwabe ndi muyezo wa ku Ulaya.

Ife izi si zachilendo. Funsa aliyense amene adayesapo kutumiza mtedza kunja za poizoni wa chuku, aflatoxin. Ku Ulaya mtedza wodyedwa mwachindunji usapitirire mamaikirogiramu 4 pa kilogalamu, pomwe FDA ya ku Amereka imaika malire a chakudya pa 20. Thumba lomwelo la ku Mchinji likhoza kulandiridwa padoko lina n'kubwezedwa padoko lina. Chomwe ndimauza achinyamata ngati iwe n'chakuti pamisonkhano imeneyi amamvera wobwera ndi zotsatira za mulabu. Dziko lofika ndi madandaulo okhaokha, lopanda manambala a nthaka yake, mbewu zake ndi kadyedwe ka anthu ake, limangolembedwa m'kaundula kuti lidalipo.

Muno mu Africa ntchito yofananitsa miyezo ili m'manja mwa ARSO, bungwe lomwe lidayamba mu 1977 ndipo likulu lake lili ku Nairobi, kuphatikizapo makomiti a SADC ndi COMESA. Malonda a msika umodzi wa Africa, AfCFTA, adatsegulidwa pa 1 January 2021. Ngati chokoleti chopangidwa ku Accra, kapena cha koko wa ku Kyela kutsidya kwa Songwe, chiti chizifika ku Blantyre osayezedwanso pachipata chilichonse, mafunso omwe adasautsa Ulaya aja atipezanso. Ndipo ife tili ndi lina lomwe a ku Belgium sadalilabadire: chokoleti chathu chiyenera kupirira dzuwa la m'lole yoima pa Mwanza masiku awiri.

Mwana wanga wazaka 6 akadya mtedza amatupa milomo ndi kubanika. Chokoleti china chimalembedwa "may contain nuts", china sichilembedwa kanthu, china zilembo zake sinditha n'kuwerenga komwe. Chotetezeka n'chiti? — Mayi wa ku Dedza

Mayi, apa ndiyankhula mosapita m'mbali chifukwa ndi moyo wa mwana. Kusalembedwa kanthu sikutanthauza kuti mulibe mtedza.

Pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi zomwe wopanga wathiramo dala. Zimenezi malamulo a maiko ambiri amakakamiza kuti zilembedwe, ndipo mndandanda umayamba ndi cholemera kwambiri kutsika m'munsi, monga muyezo wa Codex wa malebulo umanenera. Ku Ulaya ndi ku Britain pali zakudya 14 zoyambitsa vutoli zomwe ziyenera kuonekera, kawirikawiri ndi zilembo zochindikala. Ku Amereka zilipo 9, chitowe cha sesame chidawonjezedwa mu 2023. Mtedza uli pa mindandanda yonse iwiri. Chachiwiri ndi zotsalira za pamakina. Fakitale imodzi imapanga cha mtedza m'mawa, chopanda mtedza masana, ndipo makina a chokoleti satsukidwa ndi madzi kawirikawiri chifukwa madzi amaononga chokoleti. Mawu oti "may contain" amanena za zotsalirazi, ndipo m'maiko ambiri kampani imalemba mwa kufuna kwake. Ina imalemba pa chilichonse podziteteza, ina silemba. Maiko sadagwirizanebe kwenikweni pamenepa, ndipo kwa ine ili ndi bowo lalikulu kuposa mkangano wonse wa mafuta uja.

Kwa mwana amene amafika pobanika, cholembedwa "may contain" chisiyeni, chosalembedwa kanthu musachikhulupirire, ndipo chomwe simutha kuwerenga musagule. Kwanuko katundu wambiri amalowa kuchokera ku Mozambique: pa Chipwitikizi mtedza ndi amendoim, pa Chifalansa arachide kapena cacahuète. Chongogulitsidwa chosakutira, kapena chomwe wina wadula pabuloko n'kuika mujumbo, ndiye ayi ndithu. Mukaona E322 ndi lecithin, nthawi zambiri wochokera ku soya. E476 amapangidwa kuchokera ku mafuta a nsatsi ndipo ntchito yake n'kuthandiza chokoleti kuyenderera m'zikombole. Ziwirizi si mtedza. Pitani naye kuchipatala akamuone bwino ndipo akakuuzeni chochita akadya mwangozi, muwauzenso aphunzitsi ake, chifukwa ana amagawana pabuleki. Katundu wopanda lebulo lowerengeka mukhoza kukamunena ku Malawi Bureau of Standards.

Papepala la chokoleti cha Toblerone padali phiri lina losongoka, pano pali lina. Ndagula yabodza? — Dalaivala wa lole, Beira–Lilongwe

Ndi yeniyeni, achimwene. Kuyambira 2017 Switzerland ili ndi lamulo lokhwima la amene angagwiritse ntchito dzina ndi zizindikiro za dzikolo pa katundu. Eni ake a Toblerone atasamutsira ntchito ina ku Bratislava, m'dziko la Slovakia, mu 2023, phiri la Matterhorn, chizindikiro cha Switzerland, lidachoka papepala n'kulowa phiri wamba. Koko sadayambe wamerapo ku Switzerland, lamulo limawakhululukira pa zomwe sizingalimidwe kwawo, koma mkaka ndi malo opangira ndiye amayang'anitsitsa.

Ndikupita ku Texas kukaona adzukulu. Ndimafuna kuwatengera mazira a chokoleti aja okhala ndi kachidole mkati, koma mpongozi wanga akuti andilanda pabwalo la ndege. N'zoona? — Agogo a ku Zomba

Mpongozi wanu akunena zoona, agogo, ngati ndi Kinder Surprise, dzira lija kachidole kamakhala mkati mwenimweni mwa chokoleti. Lamulo la ku Amereka la chakudya la 1938 limaletsa switi yokhala ndi chinthu chosadyedwa mkati mwake, poopa kuti mwana angatsamwe, ndipo a kasitomu amalanda ndithu. Ku Ulaya ndi ku Canada mazira omwewo ali m'sitolo iliyonse, amangolemba chenjezo la ana osakwana zaka 3. Kinder Joy, lija la pulasitiki logawika pakati, chakudya mbali ina chidole mbali ina, ndi lololedwa, koma limagulitsidwanso ku Texas komweko, ndiye musadzilemetse nalo. Malo amenewo m'chikwama ikanimo tiyi wa ku Thyolo, ndipo pafomu ya kasitomu mukalembe chakudya chilichonse chomwe mwanyamula.